Indonesia: anthu 270 miliyoni, oposa theka pa chilumba chimodzi

Ku Bali, chimodzi mwa zilumba za dziko la Indonesia, dzina la munthu limaulula kuti iye ndi wachingati m'mimba mwa mayi ake. Mwana wachisamba ndi Wayan, wopondana naye ndi Made, wachitatu ndi Nyoman, wachinayi ndi Ketut. Kukabwera wachisanu, mndandanda umayambiranso pa Wayan. M'chaka cha 2019 bwanamkubwa wa chigawochi, Wayan Koster, analamula kuti mabanja a ku Bali azilimbikitsidwa kubereka ana anayi. Dandaulo lake linali lakuti a Nyoman ndi a Ketut ayamba kusowa, popeza mabanja ambiri akumalekera pa Made.

Agogo awo a ana amenewa akanadabwa kumva mtsogoleri akupempha anthu kuti azibereka. Pa kalembera wa 1971, mayi wa ku Indonesia ankabereka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pa moyo wake, akatswiri amati 5.6. Kalembera wa 2020 anasonyeza kuti nambala ija yatsika kufika pa 2.18. Dziko lalikulu chonchi, lomwe anthu ake ambiri anali alimi a mpunga osauka, linasintha kukula kwa banja m'zaka 50 zokha. Mmene zinachitikira ndiye nkhani yathu, koma tiyambe taona kuchuluka kwa anthuwo ndi kumene ali.

Bungwe la boma loona za ziwerengero, Badan Pusat Statistik, linapeza anthu 270.2 miliyoni mu 2020. Maiko amene akuposa apa ndi atatu okha: India, China ndi America. Atsamunda a ku Netherlands atawerenga mu 1930 anapeza anthu 60.7 miliyoni. Kalembera woyamba dziko litayamba kudzilamulira, wa 1961, anapeza 97 miliyoni. Mu 1980 anali 147 miliyoni, mu 2000 anali 206 miliyoni. Liwiro latsika ndithu, kuchoka pa 2.3 peresenti pa chaka m'zaka za m'ma 1970 kufika pa 1.25 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Komabe m'zaka khumi zimenezo munabwera anthu ena oposa 32 miliyoni, chifukwa amayi amene akubereka lero, ngakhale akubereka ana ochepa, iwo eni ndi ambiri.

Java

Indonesia ili ndi zilumba zoposa 17,000, koma anthu 56 pa 100 aliwonse amakhala pa chilumba chimodzi chotchedwa Java. Chilumbachi chimangotenga pafupifupi 7 peresenti ya mtunda wa dzikolo. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 129,000, kutanthauza kuti chikuposa pang'ono chabe dziko la Malawi pamodzi ndi gawo lake la nyanja. Ku Malawi kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.6 miliyoni. Pa Java kalembera wa 2020 anapeza anthu 151.6 miliyoni. Chigawo chimodzi chokha cha kumadzulo kwa chilumbachi, West Java, chinali ndi anthu 48 miliyoni. Pamene Kalimantan, gawo la Indonesia pa chilumba cha Borneo, ndi yaikulu kuposa Java kanayi, koma inali ndi anthu osakwana 17 miliyoni. Sumatra inali ndi 58.6 miliyoni, Sulawesi pafupifupi 20 miliyoni, ndipo Maluku ndi Papua pamodzi sankakwana 9 miliyoni.

Gwero la kuthithikanaku lili m'nthaka. Msana wa Java ndi mzere wa mapiri ophulika monga Merapi, Semeru ndi Kelud. Mapiriwa amapha anthu akalusa, koma phulusa lawo limabwezeretsa chonde m'minda. Mvula imagwa yambiri, mitsinje imatsika m'mapiri, ndipo mlimi wokhala ndi kamunda kothirira amakolola mpunga kawiri kapena katatu pa chaka. Ndime yomwe kwina singadyetse banja limodzi, pa Java imadyetsa mabanja angapo. Ku Kalimantan n'kosiyana: nkhalango ikadulidwa nthaka imasukuluka msanga, ndipo madera aakulu ndi madambo a nthaka yowawasa momwe mpunga suchita bwino.

Atsamunda anawonjezera pamenepo. Likulu lawo linali Batavia, Jakarta wa lero. Kuyambira 1830 mpaka 1870 anakakamiza alimi a pa Java kulima nzimbe, khofi ndi mbewu ya utoto zotumiza ku Ulaya, thangata weniweni amene anabweretsa njala m'madera ena. Misewu, njanji, madoko, mafakitale a shuga ndi sukulu zoyamba zinaunjikana pa chilumba chomwecho. Mu 1815 Thomas Stamford Raffles, amene analamulira Java m'dzina la Britain kwa kanthawi, anawerengera anthu 4.6 miliyoni, ngakhale olemba mbiri ambiri amati anasiya ena. Pofika 1930, Java ndi kachilumba koyandikana nako ka Madura zinali ndi anthu 41.7 miliyoni.

Anthu ake ndani

Kalembera wa 2010 analemba mitundu ya anthu yoposa 1,300. Ajava ndi 40 peresenti, Asunda a kumadzulo kwa Java ndi 15.5 peresenti. Kenako nambala zimagwa kwambiri: Abatak a ku Sumatra, Amadura, Abetawi a mu Jakarta, Aminangkabau ndi Abugis a ku Sulawesi, mtundu uliwonse uli cha m'ma 3 peresenti. Chochititsa chidwi n'chakuti kalembera wa 1930 atatha, funso la mtundu wa munthu silinafunsidwenso mpaka pa kalembera wa 2000. Maboma a Sukarno ndi Suharto, mapulezidenti awiri oyamba a dzikoli, ankaona nkhani ya mitundu ngati moto wobisika m'phulusa, wosayenera kuupemerera.

Amene anaotcheka kwambiri ndi moto umenewu ndi nzika zochokera ku China, zomwe makolo awo anafika zaka mazana apitawo. Mu ulamuliro wa Suharto sukulu zawo zinatsekedwa, zikondwerero zawo zinaletsedwa pagulu, ndipo ambiri anakakamizika kutenga maina achiindoneziya. Pa zipolowe za mu Meyi 1998 masitolo awo anaotchedwa ndipo amayi ena anagwiriridwa. Pulezidenti Abdurrahman Wahid ndiye anachotsa chiletso cha miyambo yawo mu 2000. Mu 2010 anthu 2.8 miliyoni okha ndiwo anadzilembetsa kuti ndi a mtundu umenewu, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti ena anasankha kusadziulula. Ziwerengero za kalembera zimatengera chimene munthu walimba mtima kunena kwa mlendo wobwera ndi fomu pakhomo pake.

Zilankhulo zilipo zoposa 700. Pa 28 Okutobala 1928 achinyamata ochokera m'zilumba zosiyanasiyana anakumana ku Batavia n'kulumbira kuti ali ndi dziko limodzi, fuko limodzi ndi chilankhulo chimodzi chowagwirizanitsa. Sanasankhe Chijava, ngakhale eni ake ndiwo anali ochuluka. Anatenga Chimalay, chilankhulo cha m'misika ndi m'madoko, n'kuchitcha Bahasa Indonesia. Chijava chili ndi mawu ena olankhulira mnzako, ena olankhulira wamkulu, moti kungotsegula pakamwa umakhala waulula kale amene ali pamwamba. Chimalay chinalibe mtolo umenewo, komanso sichinali cha mtundu wolamulira. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene omenyera ufulu a dzikoli anachita, ichi ndicho chinali chanzeru koposa. Mwana wa ku Aceh, kumadzulo kwenikweni kwa dzikoli, ndi mwana wa ku Papua, kum'mawa kwenikweni, otalikirana makilomita oposa 5,000, amaphunzira m'chilankhulo chimodzi popanda wina kumva kuti wagonjera mnzake.

Pa chipembedzo, anthu 87 pa 100 aliwonse ndi Asilamu, pafupifupi 10 ndi Akhristu, ndipo otsalawo ndi Ahindu, Abuda ndi ena. Koma malamulo a dzikoli sanena kuti ndi dziko lachisilamu, ndipo mapu a zipembedzo ndi amawangamawanga. Bali ndi ya Ahindu, chilumba cha Flores ndi cha Akatolika, kumpoto kwa Sulawesi ndi ku Papua Akhristu ndiwo ambiri, pamene Aceh imayendera malamulo a Sharia. Chitupa cha nzika chili ndi mzere wolembapo chipembedzo, ndipo boma limazindikira zipembedzo zisanu ndi chimodzi. Otsatira zikhulupiriro za makolo anakhala zaka zambiri akusiya mzerewo wopanda kanthu kapena kulemba chipembedzo chomwe si chawo, mpaka mu 2017 pamene khoti loona za malamulo a dziko linagamula kuti nawonso azilembedwa monga alili.

Kusamutsa anthu

Mankhwala oyamba amene olamulira anaganizira pa kuthithikana kwa Java anali kusamutsa anthu. Anayamba ndi atsamunda mu 1905, pamene anatenga mabanja 155 m'chigawo cha Kedu, pakati pa Java, n'kukawakhazika ku Gedong Tataan m'dera la Lampung, kumwera kwa Sumatra. Dziko litalandira ufulu ntchitoyi inapitirira ndi dzina loti transmigrasi. Banja lovomera kusamuka linkalonjezedwa malo okwana pafupifupi mahekitala awiri, kanyumba ka matabwa, mbewu, makasu ndi chakudya cha chaka choyamba. Kwa munthu wongodalira ganyu m'munda wa eni, chimenechi chinali chuma. Ntchitoyi inafika pachimake pakati pa 1979 ndi 1984, pamene mabanja 535,000, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, anasamutsidwa. World Bank inaikapo ndalama zambiri.

Koma pakati pa 1980 ndi 1990 Java inawonjezera anthu 16 miliyoni. Kunali ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Gawo la Java pa chiwerengero cha dziko latsika ndithu, kuchoka pafupifupi 69 peresenti mu 1930 kufika pa 56, koma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mabanja a m'zilumba zina amabereka ana ambiri kuposa a pa Java.

Kumene anthuwo anapita ndiko kunasinthiratu. Ku Lampung lero Ajava ndi ochuluka kuposa eni nthaka, ndipo midzi ndi matauni zili ndi maina a kwawo monga Pringsewu ndi Wonosobo. Mabanja ena anatukuka, makamaka amene analowa ulimi wa mitengo ya mphira ndi kanjedza wa mafuta. Ena anatayidwa pa nthaka yosabala n'kubwerera chimanjamanja. Mu 1996 Suharto anayambitsa ntchito yosandutsa mahekitala 1 miliyoni a madambo a pakati pa Kalimantan kukhala minda ya mpunga. Ngalande zinakumbidwa, madambo anauma, mpunga unakanika, ndipo nthaka youmayo yakhala ikuyaka moto nyengo ya chilala.

Chopweteka kwambiri n'chakuti malo amene mapu a boma ankawaonetsa ngati tchire lopanda mwini anali ndi eni ake. Anali minda yogonera, manda ndi nkhalango zosakamo nyama za Adayak a ku Kalimantan ndi Apapua. Mu Febuluwale 2001, m'tauni ya Sampit ku Kalimantan, mkangano wa Adayak ndi Amadura, omwe ena anabwera ndi boma ndipo ena anabwera okha, unaphetsa anthu pafupifupi 500, ndipo Amadura oposa 100,000 anathawa kusiya nyumba zawo. Ku Papua, eni nthaka akuona kuti m'mizinda ngati Jayapura ndi Merauke malonda ambiri ali m'manja mwa obwera, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zimene zimasonkhezera mkwiyo wofuna kudzipatula. Sindiona mlandu pa mlimi wosauka amene anakwera sitima ya pamadzi ndi ana ake kukafuna munda. Mlandu uli pa okonza mapulani amene sanafunse eni malo.

Ana awiri akwana

Mankhwala achiwiri ndiwo anagwira. Sukarno, pulezidenti woyamba, ankakhulupirira kuti dziko lachonde chotere lingadyetse anthu ochuluka kwambiri, ndipo za kulera sankazifuna. Madokotala amene anayambitsa bungwe la PKBI mu 1957 ankagwira ntchito yawo mwakachetechete. Suharto atatenga ulamuliro anatembenuza zinthu, ndipo mu 1970 anakhazikitsa BKKBN, bungwe la boma lotsogolera kulera, lomwe linayambira pa Java ndi Bali.

Uthenga wake unali wa mawu atatu, "Dua anak cukup", kutanthauza kuti ana awiri akwana. Unalembedwa pa zikwangwani, pa zipata za midzi, ngakhale pa ndalama. Kakobiri ka 5 rupiah ka 1974 kanali ndi chithunzi cha bambo, mayi ndi ana awiri, moti mayi wogula mchere pamsika ankalandira chenji chomukumbutsa za kulera.

Chikwangwani pachokha sichisintha za kuchipinda. Chimene chinathandiza n'chakuti ntchitoyi inadzera mwa anthu amene a m'mudzi ankawakhulupirira kale. BKKBN inakhala pansi ndi atsogoleri a Nahdlatul Ulama ndi Muhammadiyah, mabungwe awiri aakulu achisilamu omwe ali ndi sukulu ndi zipatala zawo. Mashehe ambiri anavomereza kulera kopereka mpata pakati pa ana pofuna thanzi la mayi, koma anakana kutseka ndi kuchotsa mimba, ndipo boma linalemekeza malire amenewo. Ku Bali nkhaniyi inalowa m'mabwalo a midzi otchedwa banjar, momwe ankapachika mapu a nyumba zonse, iliyonse itapakidwa mtundu wosonyeza njira yolerera imene banjalo likutsata. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera posyandu, sikelo ya m'mudzi yochitika kamodzi pa mwezi. Amayi odzipereka amapachika sikelo pa mtanda wa khonde, mwana amaikidwa m'kansalu kolendewera, kulemera kwake kumalembedwa pa khadi, amalandira katemera, ndipo mayi ake amapezeranso pomwepo mapiritsi kapena uphungu wa jakisoni. Kuyambira 1989 boma linatumiza azamba ophunzitsidwa oposa 50,000 kuti akakhale m'midzi momwemo.

Pali zina ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri koma n'zazikulu. Ndi ndalama za mafuta a galimoto, boma linamanga sukulu za pulaimale zoposa 61,000 pakati pa 1973 ndi 1978, ndipo mtsikana wokhalitsa pa sukulu amachedwa kukwatiwa. Chinanso, ana anasiya kufa monga kale. Mu 1971, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 145 ankamwalira asanakwanitse chaka. Pofika 2020 anali pafupifupi 17. Mayi amene waika ana awiri m'manda sungamuuze kuti awiri akwana. Amamva uthengawo akaona kuti ana a mnzake onse akukula.

Mbali yamdima inalipo, ndipo tisaibise. Akuluakulu a maboma ndi mafumu ankapatsidwa nambala ya amayi oti alowe kulera, ndipo wolephera kuikwaniritsa ankaoneka wolephera ntchito. Pa misonkhano yotchedwa safari, yomwe nthawi zina pankakhala asilikali, amayi ankasonkhanitsidwa n'kuikidwa lupu kapena zolerera za pamkono ena asanamvetse bwino, ndipo kukana kunali kovuta. United Nations inapatsa Suharto mphoto ya za chiwerengero cha anthu mu 1989, koma amayi amene anakakamizidwa sanafunsidwe maganizo.

Suharto atagwa mu 1998 ndipo mphamvu zitapita ku maboma aang'ono mu 2001, ntchito ya kulera inazilala m'madera ambiri. Kwa zaka khumi, kuyambira 2002 mpaka 2012, kafukufuku wa zaumoyo ankangopeza ana 2.6 pa mayi aliyense, kenako 2.4 mu 2017. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakweza zaka zokwatiwira mtsikana kuchoka pa 16 kufika pa 19. Kalembera wa 2020 anasonyeza kusiyana pakati pa zigawo: mu Jakarta anali ana 1.75 pa mayi aliyense, pamene ku East Nusa Tenggara ndi ku Papua anali pafupifupi 2.8.

Oyenda okha

Anthu ambiri amene asamuka m'dzikoli sanatumidwe ndi boma. Aminangkabau a kumadzulo kwa Sumatra ali ndi mwambo wotchedwa merantau. Kwa iwo nyumba ndi minda zimatsata mzere wa amayi, mwamuna amakhala mkamwini kwa mkazi wake, choncho mnyamata amayembekezeka kuchoka kukasaka chuma ndi nzeru kutali. N'chifukwa chake malo odyera zakudya za ku Padang, mzinda waukulu wa kwawo, amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse ya Indonesia. Ena mamiliyoni ali kunja, m'minda ya kanjedza ku Malaysia kapena pa ntchito za m'nyumba ku Saudi Arabia, Hong Kong, Taiwan ndi Singapore. Kumapeto kwa Ramadan misewu, sitima ndi madoko zimadzaza ndi anthu mamiliyoni ambirimbiri obwerera kumudzi kukaona makolo, ulendo umene amautcha mudik.

Pofika 2020 anthu pafupifupi 57 pa 100 aliwonse ankakhala m'matauni. Jakarta payokha inali ndi 10.6 miliyoni, koma ukaphatikiza mizinda yoizungulira ya Bogor, Depok, Tangerang ndi Bekasi, anthu amaposa 30 miliyoni. Madzi a m'mipope safika kwa onse, ndiye nyumba, mahotela ndi mafakitale zimapopa madzi a pansi pa nthaka, nthakayo n'kumatitimira, malo ena a kumpoto ndi masentimita oposa 10 pa chaka. Ku Muara Baru, kumpoto kwa Jakarta, kuli mzikiti umene kale anthu ankapempheramo, lero waima m'madzi a m'nyanja kuseri kwa chipupa chotchinga mafunde. Mu Ogasiti 2019 Pulezidenti Joko Widodo analengeza kuti likulu lisamukira ku East Kalimantan, ndipo lamulo lokhazikitsa mzinda wa Nusantara linadutsa mu Januwale 2022. Maganizo ake ndi akale omwe aja, ochotsa katundu pa msana wa Java. Koma ngakhale maofesi onse a boma atasamuka, anthu 30 miliyoni aja adzatsala pomwepo, akufunabe madzi a m'mipope.

Achinyamata lero, okalamba mawa

Phindu la kulera likuoneka pa misinkhu ya anthu. Mu 2020 anthu 70.7 pa 100 aliwonse anali a zaka za pakati pa 15 ndi 64, msinkhu wogwira ntchito. Manja olima ndi ambiri kuposa pakamwa pongodya. Atsogoleri amatcha nyengo imeneyi bonus demografi, ndipo amalota kuti pofika 2045, dziko likamadzakwanitsa zaka 100 za ufulu, lidzakhale m'gulu la maiko olemera.

Vuto lake ndi ntchito. Pafupifupi anthu 6 mwa 10 ogwira ntchito alibe kalata ya ntchito kapena penshoni: ndi alimi, ogulitsa m'misewu, aganyu, ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto ovala majekete obiriwira a makampani a Gojek ndi Grab, ena mwa iwo ali ndi masatifiketi m'chikwama. Thanzi la ana nalo likadali nkhawa. Mu 2013 ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Pofika 2023 anatsika kufika pa 21.5, kutanthauza kuti mwana mmodzi mwa asanu ankakulabe mopinimbira. Pulezidenti Prabowo Subianto anayambitsa chakudya chaulere m'sukulu mu Januwale 2025 potchula vuto lomweli.

Ndipo nthawi sidikira. Anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali 7.6 peresenti mu 2010, mu 2020 anali 9.8, ndipo boma likuyerekeza kuti pofika 2045 adzakhala pafupifupi mmodzi mwa asanu. Amayi amene anamvera uthenga wa pa kakobiri kaja ndi agogo tsopano. Kale nkhalamba inali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi sankalephera kutsala pakhomo. Lero ana ndi awiri, wina ali ku Jakarta, wina ku Malaysia, amatumiza ndalama pa foni n'kubwera kamodzi pa chaka nthawi ya mudik. M'midzi yambiri ya pa Java sikelo ija ili ndi tsiku lina lapadera lotchedwa posyandu lansia. Pa khonde lomwe ankapachikapo makanda, amayi odzipereka amayeza agogo kuthamanga kwa magazi ndi shuga, n'kulemba pa khadi.